Mafoni othamanga kuposa onse, ndi moto umene amayenda nawo

Purosesa ya foni imagwira ntchito motsata kugunda kwa wotchi yake yamkati. Pa bokosi akalemba kuti 2 GHz, ndiye kuti wotchiyo imagunda ka 2 biliyoni pa sekondi imodzi. Amene amaika malire a liwiro limeneli ndi kampani yopanga, ndipo kuyambira kale pakhala pali anthu osakhutira amene amalowa m'makinamo n'kuwakankha kuti apyole malirewo. Mchitidwewu amautcha overclocking. Uli ndi akatswiri ake, marekodi ake, komanso dzala lake la zipangizo zopserera. Ine nkhani zake zimandikoka mtima, ndipo ndikamazilondola ndimaona kuti aliyense amene anapambana pa liwiro anayamba wagonjetsa kutentha. Amene kutentha kunamukanika, liwirolo silinamukhalitse.

Liwiro lalikulu kuposa lonse

Marekodi apamwamba zedi sali pa foni ayi, ali pa makompyuta a patebulo, ndipo kuti timvetse za foni tiyenera kuyambira komweko. Pa 31 Ogasiti 2011, mumzinda wa Austin ku Texas, gulu la akatswiri limene kampani ya AMD inasonkhanitsa linathamangitsa purosesa ya FX-8150 mpaka 8.429 GHz, ndipo a buku la marekodi la Guinness anavomereza kuti palibe inafikapo pamenepo. Mu 2014 katswiri wa ku Finland wodziwika ndi dzina loti The Stilt anafika pa 8.722 GHz ndi FX-8370. Nambala imeneyi inakhala pamwamba pa ndandanda wa HWBOT, webusaiti yosunga marekodi a overclocking, zaka 8, mibadwo ya mapurosesa ikubwera n'kupita, popanda woigwedeza.

Woigwedeza anapezeka mu Okutobala 2022. Elmor wa ku Sweden anafika pa 8.812 GHz ndi Core i9-13900K ya Intel, ndipo mu Disembala chaka chomwecho, ali limodzi ndi mnzake SkatterBencher ndi gulu la ASUS, anadumpha 9 GHz koyamba m'mbiri: 9.008 GHz. Mu Malichi 2024 anakwezanso mpaka 9.117 GHz ndi Core i9-14900KS.

Kuti afike pamenepo amathira purosesa nitrogen wamadzi, amene amawira pa madigiri 196 kunsi kwa ziro, ndipo akafuna kupitirira amathira helium wamadzi, amene amawira pa madigiri 269 kunsi kwa ziro. Zigawo zambiri za purosesayo amazizimitsa, n'kusiya chimodzi kapena zochepa kuti ndizo zithamange. Makinawo amakhala pa liwirolo kanthawi kongokwanira kuti pulogalamu ya CPU-Z itsimikize nambala, basi. Palibe kalata imalembedwa, palibe gemu imaseweredwa. Ndiponso FX ya AMD ija, ngakhale inali ndi satifiketi ya Guinness, pa ntchito za tsiku ndi tsiku inkasiyidwa m'mbuyo ndi mapurosesa a Intel a nthawi yomweyo. Sindikupeputsa luso la anthuwa. Kusunga chipangizo chili chamoyo pa kuzizira koteroko, chinyezi chikuundana paliponse, ndi ntchito ya manja odekha ndi maso akuthwa. Koma foni ilibe botolo la helium. Ili ndi galasi, kachitsulo kopyapyala ndi chikhatho cha mwini wake.

Oyamba kufika pa 1, 2, 3 ndi 4

Foni yoyamba ya 1 GHz inali Toshiba TG01, imene anaionetsa mu Febuluwale 2009 ili ndi Snapdragon ya Qualcomm. HTC HD2 inatsatira kumapeto kwa chakacho, kenaka Nexus One mu Januwale 2010. Yoyamba kufika pa 2 GHz inali Motorola RAZR i ya mu Seputembala 2012, yokhala ndi purosesa ya Atom ya Intel. Apa zinthu zinaima. Panapita zaka pafupifupi 8 kuti Snapdragon 865 Plus idutse 3 GHz mu Julayi 2020, pamene inafika pa 3.1 GHz. Mu 2024 purosesa ya A18 Pro ya Apple inapitirira pang'ono 4 GHz malinga ndi mapulogalamu oyezera, ndipo mu Okutobala Qualcomm inatulutsa Snapdragon 8 Elite ya 4.32 GHz. Ya mu 2025, Snapdragon 8 Elite Gen 5, inafika pa 4.6 GHz.

M'zaka 8 zija opanga sanagone. Ataona kuti kukweza wotchi kukubala moto, analimbikira kuchulukitsa zigawo zowerengera zimene amati core. LG Optimus 2X ya mu 2011 inalowa m'buku la Guinness monga foni yoyamba ya ma core awiri, ndipo pofika 2015 MediaTek inali italengeza Helio X20 ya ma core 10. Koma phunziro lowawa anawapatsa ndi a Apple mu Seputembala 2013. iPhone 5s inabwera ndi A7, purosesa yoyamba ya 64-bit mu foni, ya ma core awiri okha pa 1.3 GHz. Galaxy Note 3 ya mwezi womwewo inali ndi ma core anayi pa 2.3 GHz. Komabe pa ntchito ya core imodzi A7 ndiyo inkatsogola, chifukwa pa kugunda kulikonse inkamaliza ntchito yochuluka.

Phindu lalikulu kuposa lonse

Ngati pali marekodi amene ndimawalemekeza kwambiri ndi awa, chifukwa anathandiza anthu wamba a m'thumba mopepuka.

Nkhani yake yakale ndi ya Celeron 300A, purosesa yotchipa imene Intel inatulutsa mu 1998. Inkayenda pa 300 MHz, koma anthu anatulukira kuti akangosintha liwiro la njira yolumikizira kuchoka pa 66 kufika pa 100 MHz, purosesayo inkakwera mpaka 450 MHz n'kukhazikika bwinobwino. Kumeneko kunali kukwera ndi 50 peresenti, ndipo inkapikisana ndi Pentium II 450 imene mtengo wake unali wokwera kangapo. Mwana wasukulu wa ndalama zochepa ankakhala ndi makina a bwana.

Pa mafoni nyengo yokolola inali 2009 mpaka 2012. Motorola Droid inatuluka mu Novembala 2009 ikuyenda pa 550 MHz. Patangopita miyezi yochepa, okonda kusegula makina anali atalemba ma kernel atsopano, mapulogalamu a pamtima pa foni amene amalamulira purosesa, oiyendetsa pa 800 MHz, 1 GHz ndi kupitirira apo. Nokia N900 ya 600 MHz inkafika pa 1 GHz. Palm Pre ya 500 MHz inakwezedwa kufika pa 800 MHz, kenaka 1 GHz, ndi gulu la WebOS Internals. T-Mobile G2, imene m'maiko ena inkatchedwa HTC Desire Z, inatuluka mu Okutobala 2010 pa 800 MHz ndipo m'masabata ochepa inali itadutsa 1.4 GHz, kukwera kopitirira 70 peresenti. Chida chimene ambiri ankagwiritsa ntchito chinali pulogalamu ya SetCPU. Munthu ankapanga root foni yake, kutanthauza kudzipatsa ulamuliro wonse pa mapulogalamu ake amkati, kuika kernel yatsopano, kenaka n'kukoka kamzere pa sikirini kusankha liwiro lotsika ndi lokwera. Ankathanso kuilamula kuti sikirini ikazima liwiro litsike, kapena kuti batire likatentha kufika pamlingo wakutiwakuti foni ibwerere pansi.

Kusiyana kwake kunkaoneka ndi maso. Foni imene inkadodoma posegula tsamba la pa intaneti inkayamba kuyankha msanga, ndipo mwini wake ankaigwiritsa ntchito chaka china asanagule yatsopano. Phindu la overclocking lenileni linali limenelo, kutalikitsa moyo wa chipangizo chimene munthu anachigula ndi thukuta lake.

N'chifukwa chiyani mpata unali waukulu chonchi? Mapurosesa amadulidwa kuchokera pa mbale imodzi ya silicon, koma satuluka ofanana. Ena amathamanga ndi magetsi ochepa, ena amafuna ambiri kuti akhazikike. Kampani imaika liwiro limene ngakhale wofooka mwa iwo angapirire kwa zaka, m'dziko lotentha ndi lozizira lomwe. Amene anachita mwayi n'kugula foni ya purosesa yamphamvu ankapeza mpata wochuluka, ndipo mnzake wa foni ya mtundu womwewo ankaika kernel yomweyo foni n'kumangozima ndi kuyaka. Pa nkhani imeneyi nambala ya mnzako sikulonjeza kanthu pa foni yako.

Amene anabweza dala liwiro

Mpata wina unkabwera chifukwa opanga ankabweza okha liwiro pofuna kusunga batire. iPhone yoyamba ya mu 2007 inali ndi purosesa ya Samsung yokhoza 620 MHz, koma inkayenda pa 412 MHz. PSP ya Sony, yosewerera magemu, inali yokhoza 333 MHz koma magemu ankaloledwa 222 MHz yokha mpaka 2007. Nintendo Switch ya mu 2017 imayendetsa purosesa yake ya Tegra X1 pa 1,020 MHz, pafupifupi theka la zimene ingathe, ndipo mu 2019 anailola kukwera mpaka 1,785 MHz pa kanthawi kotsegula magemu ena. Mainjiniya a makampani amenewa ankadziwa bwino lomwe liwiro limene ankalisiya patebulo. Anawerengera n'kuona kuti ola lina la batire ndi lofunika kwa wogula kuposa nambala yokongola.

Amene anatenga mpatawo n'kuugulitsa

Makampani atazindikira kuti mpatawo ndi ndalama, anasiya kuupereka ulere. Mu 2018 ASUS inatulutsa ROG Phone yokhala ndi Snapdragon 845 yosankhidwa mwapadera, yoyenda pa 2.96 GHz m'malo mwa 2.8 GHz. Qualcomm inatsatira ndi 855 Plus, 865 Plus ndi 870, imene inafika pa 3.2 GHz mu 2021. Mu 2023 Galaxy S23 inabwera ndi Snapdragon 8 Gen 2 yoyenda pa 3.36 GHz m'malo mwa 3.2, ndipo Galaxy S25 ya mu 2025 ili pa 4.47 GHz m'malo mwa 4.32. Taonani kukula kwa makwererowa: 5 peresenti apa, 3 peresenti apo. Ngati kampani yomwe ili ndi mafakitale ndi zipinda zoyezera ikungofinya 3 kapena 5 peresenti pa mapurosesa osankhidwa, munthu wa pakhomo asayembekeze za G2 zija. Nyengo imeneyo inapita.

Purosesa ya mbiri yoipa kuposa zonse

Masamu a kutentha ndi ouma mtima. Magetsi amene purosesa imadya amakwera molingana ndi liwiro, koma pa volteji amakwera mochulukitsa volteji ndi volteji yomweyo. Kuti wotchi yothamanga ikhazikike pamafunika volteji yokwerapo. Mukakweza liwiro ndi 20 peresenti ndipo volteji ndi 10 peresenti, magetsi odyedwa amakwera ndi pafupifupi 45 peresenti, ndipo onsewo amathera kukhala kutentha. Purosesa ya patebulo ngati 14900KS imadya mawati opitirira 250 ndipo imakhala ndi mafani ndi mapaipi a madzi. Foni yopanda fani singataye ngakhale mawati 10 kwa nthawi yaitali osaotcha dzanja. Ikatentha imadziteteza pobweza liwiro yokha. Zili ngati wakabaza amene wayamba chitunda mwaliwiro atanyamula matumba awiri a chimanga: pakati pa chitunda amatsika n'kuyamba kukankha, ndipo uja anayamba mofatsa amamupitirira ali chipalasire.

Chitsanzo chotchuka ndi Snapdragon 810 ya mu 2015. Inali ndi ma core 8, anayi mwa iwo amphamvu oyenda pa 2 GHz, koma oyesa mafoni anapeza kuti inkatentha msanga n'kubweza liwiro kwambiri. Inalowa mu HTC One M9, LG G Flex 2 ndi Sony Xperia Z3+, imene kamera yake inkadzitseka ikatentha. OnePlus 2 inaitsitsa kufika pa 1.8 GHz. LG inasankha Snapdragon 808 yocheperapo pa G4, ndipo Samsung inaisiyiratu n'kuika Exynos 7420 yake mu Galaxy S6. Qualcomm inkakana kuti pali vuto, koma msika unali utaweruza kale. Apa palibe amene anachita overclocking. Purosesayo inkalephera kusunga ngakhale liwiro lolembedwa pa bokosi lake.

Kutentha ndi volteji yokwera zimaononganso pang'onopang'ono, mosaoneka. Magetsi akamadutsa mwamphamvu m'timawaya tating'ono ta mkati mwa purosesa amakokolola maatomu a chitsulo, mpaka kawayako kamaduka kapena kukhudzana ndi kanzake. James Black wa ku Motorola anafotokoza masamu ake mu 1969, ndipo amasonyeza kuti kutentha kukakwera moyo wa chipangizo umafupika mofulumira. Mu 2024 Intel inavomereza kuti mapurosesa ake ena a m'badwo wa 13 ndi 14, banja lomwe lija la marekodi a 9 GHz, ankapempha volteji yopitirira muyeso n'kumaonongeka. Amene anali ataonongeka kale sakanachiritsika ndi pulogalamu, ndipo kampaniyo inawonjezera zaka ziwiri pa chitsimikizo chake. Ngati izi zinachitikira eni ake a luso, wongotsitsa kernel pa intaneti aziganizire bwino.

Oyamba kuziziritsa

NEC Medias X ya ku Japan, mu 2013, inali foni yoyamba yokhala ndi kapaipi ka madzi kochotsa kutentha pa purosesa. Lumia 950 XL ya Microsoft mu 2015 ndi Galaxy S7 mu 2016 zinatengera njira yomweyo. ROG Phone ija inabwera ndi fani yomata kumsana, ndipo Red Magic 3 ya Nubia mu 2019 inaika fani mkati mwenimweni mwa foni.

Chinyengo chachikulu kuposa chonse

Apa ndi pamene mtima wanga umawawa, chifukwa amene anapusitsidwa ndi ogula amene anakhulupirira manambala.

Mu Julayi 2013 olemba a webusaiti ya AnandTech anafufuza Galaxy S4 ya purosesa ya Exynos. Anapeza kuti gawo lojambula zithunzi, GPU, linkayenda pa 480 MHz m'magemu, koma foniyo ikazindikira kuti pulogalamu yoyezera liwiro yatsegulidwa linkakwera kufika pa 532 MHz. M'mafayilo a foniyo anapezamo maina a mapulogalamu oyezerawo, komanso mawu oti BenchmarkBooster. Patapita miyezi yochepa anaonetsa kuti makampani ambiri a mafoni a Android ankachita zofananazo, kupatula Motorola ndi mafoni a Nexus. Mu Novembala chakacho a Futuremark anachotsa mafoni ena a Samsung ndi HTC pa ndandanda wa 3DMark, pulogalamu yawo yoyezera liwiro. Mlandu wa S4 ku America unatha mu 2019 pamene Samsung inavomera kulipira madola 13.4 miliyoni.

Mchitidwewo sunafe. Mu 2017 OnePlus 5 inagwidwa ikuchita zomwezo. Mu Seputembala 2018 a UL, amene anatenga 3DMark, anachotsa mafoni a Huawei monga P20 Pro, Nova 3 ndi Honor Play. Anayesa mafoniwo ndi pulogalamu yodziwika, kenaka ndi pulogalamu yomweyo atangoisintha dzina, ndipo zotsatira za yodziwikayo zinali zokwera mpaka ndi 47 peresenti. Mu Malichi 2022 kunabuka nkhani ya Game Optimizing Service ya Samsung. Ogwiritsa ntchito mafoni ku South Korea anapeza ndandanda wa mapulogalamu pafupifupi 10,000 amene foni inkatha kuwabweza liwiro, pamene mapulogalamu oyezera sanali pa ndandandawo. Eni pulogalamu ina yoyezera ya Geekbench anachotsa Galaxy S22, S21, S20 ndi S10 pa ndandanda wawo, ndipo mkulu wa Samsung Han Jong-hee anapepesa pamsonkhano wa eni masheya.

Kubweza liwiro kuti foni isatenthe si tchimo. Ndi nzeru, ndipo foni iliyonse imatero. Cholakwa chinali kuvala nkhope ina pamaso pa woyesa ndi ina pamaso pa wogula. Komanso nkhanizi zimaulula zoona zimene makampani ankazidziwa: liwiro lapamwambalo foni singalisunge.

Kubweza liwiro kokwera mtengo kuposa konse

Mu Januwale 2017 Apple inatulutsa iOS 10.2.1, imene inayamba kubweza liwiro la iPhone 6, 6s ndi SE zokhala ndi mabatire okalamba. Chifukwa chake chinali chomveka. Purosesa ikafuna magetsi ambiri mwadzidzidzi, batire lofooka limalephera kupereka, volteji imagwa, foni n'kuzima ngakhale ikuonetsa kuti moto ulipo. Koma anthu sanauzidwe. Ambiri anaganiza kuti foni yakalamba n'kugula yatsopano, pamene chofunika chinali batire lokha. Mu Disembala 2017 John Poole wa Geekbench anaonetsa ndi manambala zimene zinkachitika. Apple inapepesa n'kutsitsa mtengo wosinthira batire kuchoka pa madola 79 kufika pa 29. Mu 2020 boma la France linailipitsa mayuro 25 miliyoni, ku America inavomera kulipira ogula mpaka madola 500 miliyoni, ndiponso madola 113 miliyoni ku maboma a zigawo zoposa 30.

Wofuna kuthamangitsa foni yakale amve bwino apa. Foni imene imakopa munthu kuti aikweze liwiro ndi yakale, yochedwa, ndipo ndi yomweyo imene batire lake latopa. Kuipempha magetsi ochuluka ndi kuitsogolera ku vuto lomwe a Apple ankalithawa.

Kuononga kofulumira kuposa konse

Mu Disembala 2017 akatswiri a Kaspersky Lab anafotokoza za pulogalamu yoipa ya pa Android yotchedwa Loapi. Mwa zina inkagwiritsa ntchito purosesa ya foni kukumba ndalama ya pa intaneti ya Monero usana ndi usiku. Ataiika pa foni yoyesera, patangopita masiku awiri batire linatupa mpaka kupinda chivundikiro cha kumsana. Loapi sinakweze wotchi kupyola malire. Inangoikaniza kupuma. Batire la lithium limakalamba msanga likamakhala pa moto, ndipo mu foni limagona moyandikana ndi purosesa.

Pamene tikukamba za mabatire ndi bwino kuwongola chinthu chimodzi. Galaxy Note 7 ya mu 2016, imene mafoni ake 2.5 miliyoni anaitanidwa kubwerera mu Seputembala ndipo mu Okutobala inaletsedwa m'ndege ku America, sinkayaka chifukwa cha purosesa. Kafukufuku anapeza zolakwika m'kapangidwe ka mabatire enieniwo.

Choopsa chobisika kuposa zonse

Purosesa yothamangitsidwa mopyola siyamba ndi kuzima. Imayamba ndi kulakwitsa masamu mwakachetechete, nambala imodzi apa, ina apo. Chithunzi chimasungidwa choonongeka, fayilo imakana kutseguka, ndipo mwini wake saganizira n'komwe za kernel imene anaika mwezi watha.

Mu 2017 ofufuza a pa Columbia University ku New York, Adrian Tang, Simha Sethumadhavan ndi Salvatore Stolfo, anasandutsa kulakwitsa kumeneku kukhala chida. Njira yawo anaitcha CLKSCREW. Pa foni ya Nexus 6 ankakweza wotchi mwadala pa kamphindi kenikeni kamene purosesa inkawerengera zachinsinsi m'chigawo chake chotetezedwa cha TrustZone. Poyerekeza mayankho olakwika ndi olondola anatulutsa kiyi yachinsinsi ya AES, ndipo anathanso kulowetsa pulogalamu yawoyawo m'chigawocho. Sanasegule foniyo ndi sikulu dalaivala, anangogwiritsa ntchito mapulogalamu. Kuchokera apo opanga anali ndi chifukwa china chotsekera zitseko za wotchi ndi volteji.

Khomo losabwerera

Kuti munthu asinthe liwiro ayenera kumasula bootloader, pulogalamu yoyamba kugwira ntchito foni ikamayaka, kupanga root ndi kuika kernel yosinthidwa. Kumasula bootloader kumafufuta zonse za mu foni. Kulakwitsa fayilo kumatha kuisiya yosayakanso. Pa mafoni a Samsung pali kafyuzi kamkati ka Knox kamene kamapsa munthu akangoika pulogalamu yosavomerezeka, ndipo kakapsa kapsa. Ngakhale mutabwezeretsa zonse mwakale, Samsung Pay ndi Secure Folder sizigwiranso ntchito pa foni imeneyo, ndipo wokonza wa kampani amaona chizindikirocho akangoiyatsa. Huawei inasiya kupereka manambala omasulira bootloader mu 2018. Mapulogalamu ambiri a mabanki amakana kutseguka pa foni ya root, ndipo kwa munthu amene malipiro ake, fizi ya ana ndi ndalama zotumiza kumudzi zimadutsa pa foni, kutaya chitetezo chimenechi ndi mtengo waukulu kuposa masekondi awiri opulumutsidwa potsegula gemu. Mapulogalamu odzitcha othamangitsa foni popanda root sakhudza wotchi ya purosesa n'komwe, amangotseka mapulogalamu ena akumbuyo ndi kukuonetsani malonda.

Chondisangalatsa n'chakuti akatswiri enieni a masiku ano ambiri anatembenuka. Pa mafoni a Snapdragon amagwiritsa ntchito pulogalamu ya KonaBess kusintha ndandanda wa liwiro ndi volteji ya GPU, ndipo ochenjera mwa iwo amatsitsa volteji m'malo moikweza. Purosesa ikakhala yamwayi imayenda pa liwiro lomwe lija ndi magetsi ochepa, imachedwa kutentha, ndipo pa gemu ya ola lathunthu imaposa yothamangitsidwa.

Rekodi imene salengeza pa bokosi

Mu 3DMark muli mayeso otchedwa Wild Life Stress Test. Amabwereza ntchito yolemetsa yomweyo ka 20 motsatizana, kwa mphindi 20, kenaka n'kuyerekeza ulendo wabwino kwambiri ndi woipa kwambiri. Mafoni ena okwera mtengo, amene pa ulendo woyamba amaposa onse, pofika kumapeto amakhala atataya pafupifupi theka la liwiro lawo, pamene mafoni a purosesa yofatsa amamaliza pafupi ndi pamene anayambira. Ndikafuna kudziwa mphamvu ya foni, nambala imene ndimaifunafuna ndi ya ulendo wa 20.

Ndipo nambalayo imadalira mpweya wozungulira foniyo. A Apple amalemba kuti iPhone inapangidwa kuti izigwira ntchito pa kutentha kwa pakati pa madigiri 0 ndi 35, ndipo kupitirira apo batire limatha kuonongekeratu. Ku Chigwa cha Shire, ku Chikwawa ndi ku Nsanje, masana a mu Okutobala ndi Novembala amadutsa madigiri 40 foni isanayatsidwe n'komwe. Foni imene yataya theka la liwiro m'chipinda chozizira cha woyesa, ku Ngabu imayamba kubwerera m'mbuyo msanga kuposa apo, makamaka ikakhala pa chaja, m'chikwama chake cha labala, mwini wake akuonera mpira.